Ngodya Yathu Yosokera

Nyumba zambiri kwathu kuno zilibe chipinda chapadera chosokeramo, ndipo yathu ndi imodzi mwa izo. Ili ndi zipinda ziwiri zogona, balaza ndi khonde, ndipo chipinda chilichonse chili ndi eni ake. Makina athu osokera amakhala pa ngodya ya pabalaza, pamalo a mamita awiri m'litali ndi mita imodzi ndi theka m'lifupi. Ana amapatchula kuti kuchipinda chosokera, ngakhale kuti palibe khoma kapena chitseko. Pamenepo ndi pomwe pamatuluka mayunifomu a sukulu, zigamba za m'mawondo, madiresi a anansi omwe amatipatsa ya sopo ndi ya mchere, komanso zovala zomwe amayi a Dorika kumpingo kwathu amakapereka kwa osowa.

Pokonza malowa tinayamba taganizira munthu wosokayo, za makina zinabwera pambuyo. Makina akawonongeka amisiri ali pamsika, ndipo zipangizo zake zimagulidwa. Maso ndi msana wa mayi wa m'nyumba sizigulidwa paliponse, chikhalirecho banja lonse likudalira iwo. Popezanso ndife banja losunga Sabata, tinafuna malo oti ntchito itha kuima ndi kuphimbidwa dzuwa lisanalowe Lachisanu. Zonse zomwe tikufotokoza pano zinachokera pa mfundo ziwirizi.

Zenera likhale kumanzere

Singano ya makina ili kumapeto akumanzere, ndipo thupi lonse la makinawo lili kumanja kwake. Kuwala kukachokera kumanja, makina amaponya mthunzi pomwe singano ikulowa. Kukachokera kumbuyo, mthunziwo umakhala wa mutu wa wosokayo. Kukachokera kutsogolo kumathobwa m'maso. N'chifukwa chake tinaika makina moti zenera likhale kudzanja lamanzere. Kumanzereko ndi kumbuyo kwa makina tinasiyanso mpata, chifukwa nsalu ikamasokedwa imatsetserekera kumeneko, ndipo ikakhala yaikulu ngati katani kapena bedishiti imafuna poti igwere.

Zenera lathu limayang'ana kummwera. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, kotero kwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa limayenda mopendekera kumpoto, ndipo zenera lakummwera limalowetsa kuwala kofatsa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Amene zenera lawo lili kummawa kapena kumadzulo angachite bwino kupachikapo kansalu koyera kopyapyala. Dzuwa lolowa mwachindunji limatopetsa maso, limasulutsa nsalu, ndipo ulusi womwe laumenya kwa miyezi umayamba kuduka wokha.

Nsalu zakuda timasoka m'mawa, chifukwa ulusi wakuda pa nsalu yakuda sumaoneka dzuwa likapendeka. Usiku timapewa kusoka. Zikavutitsitsa timagwiritsa ntchito nyali ya sola yomwe timaiika kumanzere, chapamwamba pang'ono. Kandulo ndi koloboyi siziyandikira ngodya imeneyi, poti pali nsalu ndi mapepala, ndipo utsi wake sukomera maso kapena chifuwa.

Pali chizolowezi chomwe achipatala cha maso amalimbikitsa anthu ogwira ntchito yoyang'ana pafupi: pakatha mphindi 20 zilizonse, munthu ayang'ane chinthu chomwe chili pa mtunda wa mamita 6 kwa masekondi 20. Ife tili ndi mtengo wa mango kunja kwa zenera, ndipo ndiwo timauyang'ana. Ndi bwinonso kudziwa kuti munthu akafika zaka za m'ma 40, kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuuma, ndiye kuona zapafupi kumavuta. Kwa wosoka chizindikiro choyamba chimakhala kulephera kulowetsa ulusi pa singano. Zimenezi zimachitikira aliyense, ndipo magalasi owerengera amathandiza msanga. Koma maso akamasintha mofulumira, munthu akayezetsenso shuga, chifukwa matenda a shuga amawononga maso mwakachetechete.

Mpando, tebulo ndi simbi

Makina athu ndi a Butterfly opalasa ndi miyendo, ndipo tinawasankha podziwa kuti magetsi akazima ntchito siima. Tebulo la makina otere limakhala lalitali pafupifupi masentimita 75, ndipo silingasinthidwe. Chomwe chingasinthidwe ndi mpando. Tinapempha kalipentala kuti atikhomere mpando wokhala ndi potsamira, wautali woti wosoka akakhala, mapewa agwe pansi momasuka, zigongono zipindike ngati ngodya ya tebulo, ndipo mapazi onse awiri afike pa chopondera popanda kudzikoka. Benchi, chitini kapena mpando wa sofa zimapangitsa munthu kuwerama, ndipo ululu wake umamveka m'khosi ndi m'chiuno pofika madzulo. Kumsana timaikako katsamiro komwe tinadzazamo tizidutswa ta nsalu. Mwana wathu wamkulu ndi wamfupi kuposa mayi ake, choncho iye akamasoka amawonjezera khushoni pampando.

Kudula nsalu ndi nkhani ina. Ambiri timadulira pansi pa mphasa, titagwada ndi kuwerama, ndipo ntchito ikakhala yambiri mawondo ndi msana zimadandaula. Tebulo lodulira limafunika lifike cha m'chiuno mwa munthu woimirira, masentimita 85 kapena 90. Ife tilibe malo a tebulo lachiwiri, ndiye timagwiritsa ntchito lodyera. Kalipentala yemwe uja anatisemera timitengo tinayi ta masentimita 12, tokumba pakati kuti mwendo wa tebulo uzikhazikika. Tsiku lodula nsalu timakweza tebulo pa timitengoto, tikamaliza timalitsitsa, nsima n'kubwerera pamalo pake.

Kusita timachitira pakhonde, ndipo tinachita dala. Chifukwa choyamba ndi makala. Simbi ya makala imatulutsa mpweya wotchedwa carbon monoxide, womwe ulibe fungo kapena mtundu. M'chipinda chotseka umayambitsa mutu ndi chizungulire, ndipo ukachuluka umapha, monga momwe mbaula imachitira ikagonekedwa m'nyumba. Chifukwa chachiwiri ndi chakuti msoko uliwonse umafuna kusitidwa usanalumikizidwe ndi unzake, kotero wosoka amakakamizika kunyamuka pafupipafupi. Kukhala pansi maola ambiri kumatupitsa miyendo ndi kudzimbitsa m'mimba, ndiye maulendo a pakhondewa ndi mankhwala aulere. Popita kumeneko timamwanso madzi, poti botolo lake limakhala pafupi ndi chitseko, kutali ndi nsalu za eni ake. Amene ali ndi simbi ya magetsi akumbukire kuizula magetsi akangozima. Magetsi amabwera osagogoda, nthawi zina anthu onse atapita kogona, ndipo simbi yoiwalika pa nsalu imatha kuyatsa nyumba.

Nsalu imatulutsanso fumbi lopyapyala lomwe limavutitsa anthu a mphumu. Zenera limakhala lotsekula tikamasoka, ndipo pomaliza timakolopa ndi chisanza chonyowa m'malo mosesa ndi tsache louma. Chitenje chatsopano timayamba tachichapa tisanachidule. Nsalu ya thonje imafupika ikalowa m'madzi koyamba, ina imatulutsa utoto, ndipo ndi bwino zimenezi zichitike diresi lisanasokedwe. Zovala za pakaunjika zomwe anthu amabweretsa kuti tiwachepetsere timapempha kuti zibwere zochapa kale.

Chilichonse pamalo pake

Pokonza zosungira tinatsata lamulo losavuta. Chomwe chimagwira ntchito tsiku lililonse chikhale pofika dzanja munthu ali chikhalire. Cha kamodzi pa mlungu chikhale pa shelefu. Zina zonse zipite m'mwamba kapena m'sutikesi.

M'kadirowa ka makina muli tepi yoyezera, choko, mabobini ndi kaburashi kochotsera fumbi. Ulusi uli pa thabwa lomwe tinakhomapo misomali yopendekera m'mwamba, ndipo timaliphimba ndi kansalu. Mabatani ali m'mabotolo a chiponde otsuka bwino, oyera paokha, akuda paokha, amitundumitundu paokha. Mazipi ndi malasitiki ali m'zitini za mkaka waufa zolembedwa kunja. Sizasi yodulira nsalu ili pa msomali wapamwamba, ndipo tinaimanga kansalu kofiira pa chogwirira kuti aliyense adziwe kuti imeneyi siidula mapepala, zikhadabo kapena chingwe. Ana ali ndi yawo ya ntchito za kusukulu.

Masingano timawasunga m'mapaketi awo, chifukwa manambala olembedwapo ali ndi ntchito. Ya 70/10 ndi ya nsalu zopyapyala, ya 90/14 imayenda bwino pa chitenje ndi nsalu zambiri za yunifomu, pomwe jinzi imafuna 100/16 kapena 110/18. Makina akayamba kudumphitsa msoko kapena kudula ulusi, kawirikawiri vuto limakhala singano yobuntha kapena yosayenera, ndipo kuisintha n'kotsika mtengo kuposa kuitana mmisiri. Pansi pa kachitsulo komwe singano imalowa pamadzaza fumbi la nsalu, ndiye timapatsekula ndi kupapukuta mlungu uliwonse, n'kudonthezera mafuta pang'ono m'malo oyenda. Mafuta ake ndi a makina okhaokha. Ophikira amaoneka ngati athandiza tsiku loyamba, koma amauma n'kusanduka ulimbo.

Dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndi nyengo yovuta kwa nsalu ndi zitsulo. Chinyontho chimabweretsa chuku pa nsalu ndi dzimbiri pa makina. Nsalu sitiika pansi kapena kugundanitsa ndi khoma, poopanso chiswe ndi makoswe. Zimakhala m'ndowa zapulasitiki zokhala ndi zivundikiro, ndipo dzuwa likawala timazitulutsa kuti zipitidwe mphepo. Makina tinawasuntha pang'ono kuchoka pazenera kuti mvula yamphepo isawapeze.

Pansi pa shelefu pali mabasiketi atatu. Loyamba ndi la ntchito za anthu, lachiwiri ndi la zong'ambika za m'nyumba muno, lachitatu ndi la Dorika. Nsalu ya munthu aliyense imalowa m'jumbo yakeyake pamodzi ndi kapepala ka dzina, miyeso ndi tsiku lodzatenga. Zomwezo timalembanso m'kope, pamodzi ndi ndalama zomwe walipira ndi zotsala. Kopeli limathetsa mikangano isanayambe, ndipo pakutha pa mwezi limatiuza mosakayikitsa kuti chakhumi ndi zingati. Nsalu ikatsala timaibweza m'jumbo momwemo. Atelala ali ndi mbiri yoti zotsala amazisandutsa zawo, ndipo sitifuna kuti munthu adzaone chitenje chake chili pa mwana wathu ku Sukulu ya Sabata. Mwini wake akanena yekha kuti tisunge, pamenepo chidutswacho chimapita m'basiketi la Dorika.

Ana ndi singano

Ngodya yopanda chitseko ili m'njira ya ana, choncho chitetezo chake chiyenera kukhala m'zizolowezi. Tikachoka pa makina, ngakhale kwa kanthawi kochepa, timagwetsa lamba pa gudumu. Mwana wokwawa amakopeka ndi chopondera, ndipo lamba akakhala pamalo pake singano imayenda pamwamba pomwe mwina pali dzanja la mnzake. Gudumu lapansi limathabe kupana chala, motero wamng'ono sasewera pansi pa makina. Mabotolo a mabatani amakhala pamwamba, poti mwana wosakwana zaka 3 amaika chilichonse m'kamwa, ndipo batani limatha kumutsamwa. Lezala yosomolera misoko imakhala m'kachitini kotseka, ndipo ikatha ntchito imakatayidwa m'chimbudzi chokumba pamodzi ndi masingano othyoka.

Mapini sitiluma pakamwa. Ndi chizolowezi cha osoka ambiri, koma kutsokomola kamodzi kapena kuitanidwa mwadzidzidzi n'kokwanira kuti pini itsike kukhosi, ndipo ana amatengera zomwe akuona. Tinasoka katsamiro kovala pamkono kobayapo mapini, ndipo tili ndi maginito omwe tinachotsa m'sipika ya wailesi yakale. Madzulo alionse mwana mmodzi amawayendetsa pansi kuti atole zomwe zagwa, ndipo ntchitoyi amailimbirana. Munthu akameza pini kapena singano, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo. Asamusanzitse, ndipo asamukakamize kumeza nsima kapena nthochi kuti akankhire. Ndi bwinonso kuti osoka aonetsetse kuti analandira katemera wa kafumbata.

Kuteteza ana sikutanthauza kuwathamangitsa. M'buku lake lotchedwa Education, lomwe linatuluka mu 1903, Mayi Ellen G. White analangiza kuti anyamata nawonso aphunzire kuchapa ndi kukonza zovala zawo. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo, poti atelala ambiri omwe timawaona m'makonde a masitolo ndi abambo. M'nyumba mwathu mwana akakwana zaka 7 kapena 8 amayamba ndi kulumikiza batani pamanja, atakhala pa kampando kake pambali pa wamkulu. Kenako amaphunzira kupinda m'munsi mwa siketi kapena kabudula, ndipo pa makina amakwera miyendo ikafika pa chopondera. M'mera mpoyamba. Mnyamata amene adziwa kuika chigamba sadzavutika akadzapita kusukulu yogonera komweko.

Lachisanu masana

Mayeso aakulu a ngodya yathu amabwera Lachisanu. Ku Blantyre ndi ku Lilongwe, m'mwezi wa Juni dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, ndipo ngakhale mu Januwale silipitirira kwambiri 6 koloko. Mayi White analangiza kuti zokonzekera Sabata, kuphatikizapo zovala, zithe Lachisanu. Kwa banja losoka, malangizowa amakhudza zovala za anthu ena kuwonjezera pa zathu. Choncho tsiku lomaliza lopereka ntchito kwa eni ake ndi Lachinayi. Lachisanu m'mawa ndi la basiketi la m'nyumba: batani la shati ya bambo, msoko wa diresi la mwana, kusita. Ikakwana 12 koloko makina amaima.

Lamuloli lili ndi mtengo wake. Maukwati ambiri kuno amachitika Loweruka, ndipo Lachisanu madzulo ndi nthawi yomwe anthu amazindikira kuti diresi latalika kapena zipi yafa. Tsiku lina mayi wina woyandikana nafe anafika cha m'ma 4 koloko, diresi lili m'manja.

"Amayi, tangondipindirani m'munsimu mokha. Si ntchito ya mphindi khumi imeneyi? Ndiwonjezera ndalama."

"Pepani achemwali, makina tatseka, tikukonzekera Sabata. Koma bwerani ndikubayireni mapini pomwe pakuyenera kupindidwa. Tengani singano iyi ndi ulusi wofanana nalo, mukasoke pamanja, simuchedwa."

Anachoka osakondwa, ndipo kwa miyezi ingapo ntchito zawo zinkapita kwina. Alipo ena omwe sanabwererenso, ndipo ndalama imeneyo tinkaifuna. Koma ambiri anazolowera, moti tsopano amakumbutsana okha kuti kwa a Sabata nsalu imapita Lolemba. Kuti tisunge lonjezo la Lachinayi timayeneranso kudziwa pokanira. Sukulu zikamatsegulira, kapena msonkhano wa misasa ukayandikira, nsalu zimabwera zambiri, ndipo mtima umafuna kulandira zonse. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Kope lija limatithandiza apanso: masiku a mlungu akadzaza, wobwerayo timamuuza zoona kuti adikire mlungu wamawa kapena apite kwa telala wina.

Makina akaima, kutseka ngodya yonse kumatenga mphindi zosapitirira 15, chifukwa chilichonse chili ndi kwawo. Mutu wa makina umapindikira m'kati mwa tebulo lake, ndipo pamwamba timayalapo nsalu yoyera. Kutsogolo kwa shelefu ndi mabasiketi kuli katani yomwe timaikoka. Katani imeneyi ndi yotsika mtengo kuposa zonse zomwe zili pangodyapa, koma ntchito yake ndi yaikulu. Pabalaza ndi pomwe timalandirira Sabata, ndipo wosoka akamaona diresi losatha, manja amatha kupuma koma mutu umapitiriza kuyeza ndi kudula. Zikaphimbika, tebulo la makina limasanduka poika Mabaibulo, mabuku a Khristu mu Nyimbo ndi maphunziro a Sukulu ya Sabata. Mayi wa m'nyumba amakhala pansi atasamba, msana usakuwawa, ndipo amaimba nawo.

Basiketi lachitatu

Buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 9, limasimba za Tabita wa ku Yopa, yemwe dzina lake lina ndi Dorika. Atamwalira, akazi amasiye anaimirira pafupi ndi Petro m'chipinda chapamwamba akulira, n'kumamuonetsa zovala zomwe Dorika anasoka ali moyo. Bungwe loyamba la Dorika mumpingo wathu linayamba mu 1874 ku Battle Creek, m'chigawo cha Michigan ku America, ndipo lero amayi a Dorika ali m'mipingo yathu m'mizinda ndi m'midzi momwe.

Chomwe chimatikhudza m'nkhaniyi n'chakuti amasiye aja ananyamula zovala zomalizidwa, zoti munthu n'kuvala. Basiketi la Dorika lili pangozi yokhala lomalizira nthawi zonse, chifukwa mwini wake sabwera kudzagogoda ndipo salipira. Ntchito ya ndalama imafuula, ya m'nyumba imadandaula, koma ya osowa imangokhala chete pansi pa shelefu. N'chifukwa chake tinaipatsa nthawi yakeyake, Lachiwiri masana, ndipo timailemba m'kope ngati ntchito ina iliyonse, ndi tsiku lomaliza. Zidutswa zazikulu zimasanduka timadiresi ndi timakabudula, zapakati timazilumikiza kukhala zofunda, ndipo tinyenyeswa timadzaza m'mitsamiro. Zofunda timafuna zithe mwezi wa Meyi usanathe, kuti zifike kwa agogo ndi ana amasiye chisanu cha Juni ndi Julayi chisanayambe kuluma.

Zonsezi sizinafune ndalama zambiri. Zomwe tinagula ndi mpando, timitengo tinayi, thabwa la shelefu ndi nyali ya sola. Zina zonse ndi zitini, mabotolo ndi nsalu zomwe zinali kale m'nyumba. Banja lomwe likufuna kuyamba lisadikire kumanga chipinda. Mlungu uno lisunthe makina kuti zenera likhale kumanzere, ndipo liyese ngati mpando ukumuyenera wosokayo. Mlungu wamawa lipeze mabasiketi atatu ndi kope. Katani ipachikidwe Lachisanu lisanafike.